Msonkhano wa amayi ukatha, ndani amawerenga acta?

Chaka chilichonse mwezi wa Março ukalowa, misonkhano ya amayi imachuluka. Pa 8 de Março ndi tsiku la amayi a dziko lonse lapansi. Pa 7 de Abril ndi tsiku la amayi a kuno ku Moçambique, tsiku limene Josina Machel anamwalira mu 1971. Pakati pa masiku awiriwa wailesi imalengeza misonkhano motsatizana: wa utsogoleri wa amayi, wa amayi ochita malonda, wa thanzi ndi mtendere wa mumtima. Yambiri imachitikira m'mahotela a mumzinda wa Tete, ina ku Maputo. Opitako amabwerera ndi kapulana, kamizeti, cholembera ndi chikalata chosonyeza kuti analipo. Zithunzi zimakhala zili kale pa Facebook iwo asanafike kunyumba.

Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa aphunzitsi amene amakaphunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba. Ndikamva za misonkhano imeneyi ndimadzifunsa kuti mayi wa ku Chipanga, kapena mayi wogulitsa kachewere ku Zóbuè, atolapo chiyani. Maganizo anga ndi awa. Msonkhano umene sufika kwa mayi wosadziwa kuwerenga, m'chilankhulo chake, umathandiza amayi amene ali kale patsogolo. Zimenezo si zoipa. Koma tisanamizane kuti tatukula amayi a m'distrito ya Moatize chifukwa holo ya hotela inadzaza.

Pali mawu amodzi a Chipwitikizi amene ndikufuna kuti aliyense wowerenga tsamba lino awadziwe. Mawuwo ndi acta. Acta ndi pepala limene amalembapo zimene anthu agwirizana pa msonkhano: analipo ndani, ananena chiyani, atsimikiza kuchita chiyani. Mungathe kulankhula bwino kwambiri, anthu n'kuomba m'manja, nthungululu n'kulira. Koma ngati mawu anu sanalowe mu acta, kwa a boma ndi kwa a kampani zili ngati simunalankhule. Pakapita chaka, palibe amene adzafunse kuti anaomberedwa m'manja ndani. Adzatsegula pepala.

Ndinene chilungamo: misonkhano ina inabala zipatso, ndipo tikuzidya. Mu 1995 amayi a mayiko ambiri anakumana ku Beijing, ndipo mlembi wamkulu wa msonkhanowo anali Gertrude Mongella wa ku Tanzania. Pa 11 de Julho 2003 atsogoleri a mayiko a mu Afirika anavomereza pangano la ufulu wa amayi mumzinda wathu wa Maputo, n'chifukwa chake limatchedwa Protocolo de Maputo. Malamulo a dziko lathu anayenda njira yomweyo. Mu 2004 kunatuluka lamulo latsopano la banja. Mu 2009 kunatuluka lamulo nambala 29 loletsa nkhanza kwa amayi m'nyumba. Mu 2019 kunatuluka lamulo nambala 19 loletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Taonani tsono kuti zipatso zonsezi ndi mapepala. Mayi amene satha kuwerenga amayembekeza kuti wina amuuze zimene zili m'menemo, ndipo womuuzayo nthawi zina amakhala yemweyo amene lamulolo likumuletsa.

Kumwamba zinthu zikuoneka bwino. Luísa Diogo, mwana wa ku Mágoè m'chigawo chathu chino, anakhala Primeira-Ministra kuyambira 2004 mpaka 2010. Verónica Macamo anatsogolera Assembleia da República zaka khumi kuyambira 2010, ndipo amene anamulowa m'malo analinso mayi, Esperança Bias. Pa aphungu 250 amene anayamba ntchito mu 2020, amayi anali oposa 100. Mayiko ambiri olemera sanafikepo pamenepa.

Pansi ndiye pali nkhani ina. Kalembera wa 2017 anapeza kuti pa anthu 100 a zaka 15 kupita m'tsogolo, 39 sadziwa kuwerenga ndi kulemba. Mukawalekanitsa, pa abambo 100 ndi 27, koma pa amayi 100 ndi 49. Pafupifupi theka la amayi onse a dziko lino. Kumidzi chiwerengerocho n'chokwera kuposa m'mizinda. Ndiye msonkhano wa utsogoleri umene kalata yake yoitanira ndi ya Chipwitikizi, zokamba zake za Chipwitikizi, zolembedwa pa khoma za Chipwitikizi, wasiya panja mayi mmodzi pa amayi awiri alionse usanayambe n'komwe.

Anthu a ku Chipanga safunika kuuzidwa mphamvu ya pepala. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe anasamutsidwa kuti kampani ya Vale ikumbe malasha. Amene analembedwa kuti ndi alimi anapita ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku tauni ya Moatize. Ena anapita ku bairro 25 de Setembro. Asanasamuke, amayi ambiri ankagulitsa nkhuni, makala ndi ndiwo zamasamba ku msika wa Moatize, umene ankafikako wapansi. Mabanja ena ankakhalira kuumba njerwa. Amenewa anali malonda enieni, ngakhale panalibe amene ankawatcha empreendedorismo. Ku Cateme msika unatalika, mtsinje unatalika, ndipo minda yambiri inali ya miyala. Mabanja analonjezedwa mahekitala awiri a munda, koma analandira imodzi. Mu Janeiro 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji ya sitima ya malasha pofuna kuti malonjezo akwaniritsidwe.

Mkangano wonsewo unali pa funso limodzi: chinalonjezedwa n'chiyani, ndipo chinalembedwa pati? Kunali kalembera wa nyumba ndi katundu. Kunali misonkhano ya pansi pa mtengo. Kunali mapepala osayina kapena kudindapo chala. Amene anatha kuwerenga mapepalawo, n'kusunga kope lake, anali ndi poimira. Mu 2022 mgodi unagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan. Mabwana amasintha, amene munalankhula nawo maso ndi maso amapita kwawo, koma mapepala amatsala m'kabati. Ndikadakhala ine wokonza msonkhano wa utsogoleri wa amayi m'distrito muno, phunziro loyamba likadakhala limeneli, ndipo aphunzitsi ake akadakhala amayi a ku Cateme.

Nkhani ya malasha sinathe. Kuyambira 2013, gawo la 2.75 pa 100 la msonkho umene boma limatolera pa malasha okumbidwa liyenera kubwerera kumadera okhudzidwa ndi migodi. Ku Moatize mayina amene amatchulidwa ndi Cateme, 25 de Setembro, Chipanga II ndi Benga. Ndalamayi ndi yomangira zinthu za onse, monga makalasi, zipatala zazing'ono, mijigo, misika ndi misewu. Posankha choti chimangidwe, anthu ayenera kufunsidwa kudzera mu conselho consultivo, limene ndi bungwe la oimira anthu pa localidade, pa posto administrativo ndi pa distrito. Malamulo a mabungwe amenewa amanena kuti amayi asachepere 30 pa 100 alionse.

Apa ndiye pali utsogoleri umene ndikuunena. Mipando ya amayi ilipo kale, lamulo linapereka. Chovuta n'chimene chimachitika munthu atakhala pa mpandopo. Mwa ophunzira achikulire amene ndakumana nawo pa ntchito yanga, alipo amayi amene anasankhidwa m'mabungwe otere. Zimene amafotokoza zimafanana. Msonkhano umayamba m'Chinyungwe kapena m'Chinyanja popatsana moni. Akafika pa ndalama, chilankhulo chimasintha. Manambala amawerengedwa mothamanga. Pomaliza pepala limazungulira, aliyense asayine. Mayi wina anandiuza kuti iye ankafuna mjigo, anzake aamuna ankafuna kukonza msewu, ndipo mpaka lero sadziwa kuti pa pepala limene anadindapo chala panalembedwa chiyani. Sanamunamize munthu. Kungoti panalibe amene anaganiza zomuwerengera, iyenso anachita manyazi kupempha.

Mayi ameneyu safunika kuuzidwa kuti adzikhulupirire. Amadzikhulupirira kale, n'chifukwa chake anzake anamusankha. Munthu amene amayendetsa mwambo wa maliro, kugawa ntchito kwa amayi makumi atatu, kuwerengera ufa ndi nkhuni osalakwitsa, ameneyo ndi mtsogoleri. Chimene akusowa ndi zilembo, manambala olembedwa, ndi mawu ochepa a Chipwitikizi cha m'maofesi.

Tinaonanso zomwezi pa ndalama ija imene tonse tinkaitcha sete milhões, imene boma linayamba kupereka ku distrito iliyonse mu 2006. Kuti munthu abwereke, ankafunika kulemba projecto: akufuna kuchita chiyani, zidzadya ndalama zingati, adzabweza liti. Mayi wodziwa bwino malonda a tomato koma wosatha kulemba ankafunika kupeza womulembera. Wodziwa kulemba koma wosadziwa malonda sankafunika kupeza munthu. Inu nomwe mukudziwa amene ankafika msanga pa mzere.

Tsono za malonda. Pa misonkhano ya m'mahotela amakonda kunena kuti mayi aganize zazikulu, akhale ndi dzina la katundu wake, agulitse pa intaneti. Kwa mayi wa sitolo mumzinda wa Tete malangizowo angathandize. Koma taimani pa msika wa Zóbuè, pa malire ndi Mwanza, muone zimene amayi amalimbana nazo. Amagula ndi metikali, ena amawalipira ndi kwacha, ndipo mtengo wosinthira umasintha. Amachita masamu amenewa m'mutu, mwachangu kuposa ophunzira anga ena a ku instituto. Vuto limabwera pa pepala. Risiti imene wapatsidwa ikunena ndalama imene walipiradi? Ndi ya msonkho wanji? Ili ndi tsiku? Uthenga wa M-Pesa kapena e-Mola umene walowa mu foni ukunena kuti ndalama yafika, kapena ndi wa akuba amene akufuna kuti atumize? Amayi ambiri amapereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa mwana kapena kwa wa pa banca kuti awaonere. Phindu la sabata yonse likhoza kuthera pamenepo.

N'chimodzimodzi ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndi xitique, chimene anzathu a ku Malawi amati chipereganyu. Ndalama ndi za amayi, koma kope limagwidwa ndi munthu mmodzi wodziwa kulemba. Akakhala wokhulupirika, gulu limayenda. Akadwala, akasamuka kapena akayamba dyera, gulu limatha ndi mkangano. Gulu limene lili ndi amayi asanu otha kuwerenga kope lawo n'lolimba kuposa gulu limene tcheya wake wapita ku misonkhano isanu.

Ndipo musanafike pa ngongole ya ku banki pali zitseko ziwiri: Bilhete de Identidade ndi NUIT, nambala ya wokhoma msonkho. Wopanda BI savomerezedwa pa zinthu zambiri, ngakhale kulembetsa nambala ya foni m'dzina lake kumavuta. Msonkhano wa amayi ochita malonda umene ungabwere ndi anthu olembetsa BI ndi NUIT pa khomo, ndingauyamikire kuposa umene wabwera ndi wolankhula wotchuka.

Mbali ya thanzi ndi mtendere wa mumtima, imene pa Chipwitikizi amati bem-estar, ena amaiseka. Ine sindiiseka. Amayi amatopa, ndipo kutopa kwa mumtima ndi matenda enieni. Koma mpumulo wa mayi wa ku Moatize umayambira pa mjigo wapafupi, ndi pa ufa woyanika umene sukuda ndi fumbi la malasha. Umayambiranso pa kudziwa zinthu zimene zilipo kale. M'zipatala za boma amayeza khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Kuyambira 2021 atsikana aang'ono amalandira katemera woteteza ku kachilombo koyambitsa khansa imeneyi. Lamulo la ntchito la 2023 linakweza tchuthi cha mayi wobereka kuchoka pa masiku 60 kufika pa 90. Mayi wa pa msika tchuthi chimenechi sachiona, poti alibe bwana, koma INSS imalola anthu odzigwirira ntchito okha kulembetsa ndi kumasonkha. Ndi angati akudziwa? Ngakhale tsiku lobwerera ku chipatala limalembedwa pa khadi, ndipo mankhwala amalembedwa pa kapepala kuti amwedwe kangati.

Wina anganene kuti: a mphunzitsi, mukukokera chofunda kwanu, poti kuphunzitsa kuwerenga ndiyo ntchito yanu. Chabwino. Wina anganenenso kuti mayi sayenera kudikira zaka ziwiri za kalasi kuti mawu ake amveke, ndipo apa ndikugwirizana naye kotheratu. Lamulo la malo la 1997 limavomereza umboni wa pakamwa wa amayi ndi abambo a m'mudzi pa nkhani ya mwini munda, ngakhale palibe chikalata. Ufulu sudikira zilembo. N'chifukwa chake udindo uli mbali ziwiri. Mayi aphunzire, inde. Koma amene akuyendetsa msonkhano awerenge acta mokweza, m'chilankhulo cha anthu, wina aliyense asanasayine. Zimenezi sizifuna ndalama. Zimafuna mphindi khumi.

Asatiuze kuti zilankhulo zathu sizingathe kunyamula nkhani zazikulu. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 9, amalemekeza zilankhulo za makolo athu. Pamene dziko linayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, linasankha Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja kuno ku Tete. Tinali oyamba. Ngati mwana wa kalasi yoyamba angaphunzire masamu m'Chinyanja, mayi ake angathe kumva bajeti ya mjigo m'Chinyanja.

Mbiri yathu ili ndi chitsanzo cha msonkhano umene unayambira pansi. OMM, bungwe la amayi limene linakhazikitsidwa mu 1973, linachita msonkhano wapadera mu 1984. Msonkhanowo usanachitike, magulu a anthu anayenda m'midzi ndi m'mabairro a zigawo zosiyanasiyana kukamva amayi eni ake pa nkhani za chinamwali, mitala, malowolo ndi kutha kwa mabanja. Amayi osadziwa kulemba analankhula momasuka, ndipo ena anatsutsa zimene atsogoleri ankaphunzitsa. Njira imeneyo inali yabwino, ndipo inachitika pa nthawi ya nkhondo, misewu ili yoopsa. Komabe ena amene anatsatira ntchitoyo ananena pambuyo pake kuti zimene zinatsimikizidwa ku Maputo sizinatenge zambiri mwa zimene amayi a m'midzi ananena. Amayi analankhula, cholembera chinali m'manja mwa ena.

Kwa okonza misonkhano, a boma, a mabungwe ndi a makampani a migodi amene amalipira zambiri mwa zimenezi, pempho langa n'losavuta. Pa misonkhano itatu, umodzi uchitikire ku Cateme, ku Chipanga kapena ku Zóbuè, pa sukulu kapena pansi pa mtengo. Usachitike m'mawa wa tsiku la msika, kapena pa nthawi yopalira. Womasulira akhale wodziwa ntchito, osati mnyamata amene mwangomugwira pa khomo. Ndipo gawo la ndalama ya chakudya cha ku hotela lipite ku makalasi a alfabetização, amene ku Malawi amati sukulu za kwacha. Ambiri mwa makalasi amenewa amasowa choko, makope ndi bolodi, ndipo alfabetizador amagwira ntchito yaikulu pa kandalama kochepa. Mtengo wa mbale imodzi ya ku hotela ungagule makope a anthu angapo.

Kwa inu abambo amene muli m'kalasi limodzi ndi amayiwa, ndi inu amene mumakaniza akazi anu kupita: mkazi wodziwa kuwerenga risiti akuteteza ndalama ya nyumba yanu yomwe. Tsiku limene mudzagone m'chipatala, adzawerenga mapepala anu ndi iyeyo.

Kwa inu amayi, akakuitanani ku msonkhano, pitani. Kapulana landirani, palibe cholakwa. Koma tengani kope lanu la kalasi. Lembani tsiku, malo, ndi dzina la bungwe limene lakuitanani. Akalonjeza chinthu, funsani kuti chichitika liti ndipo adzayankha ndani, poti safunsa anadya phula. Lista ya anthu amene abwera ndi yosiyana ndi acta. Lista imangonena kuti munalipo, pamene acta imanena kuti mwavomereza. Muzifunsa kuti pepala limene akukupatsani ndi liti mwa awiriwa. Pepala lopanda mutu, kapena limene lili ndi malo aakulu osalembedwa pamwamba pa dzina lanu, musasayine. Ngati simunafike potha kulemba zonse, khalani pafupi ndi mnzanu amene amatha, mugawane ntchito: wina alankhule, wina alembe. Mukabwerako, bweretsani kopelo ku kalasi, anzanu amve.

Sabata ino pemphani alfabetizador wanu akulembereni pa bolodi mawu awa, muwakopere: acta, orçamento, imene ndi ndondomeko ya ndalama, prazo, imene ndi nthawi yoikika, ndi assinatura, imene ndi sayini yanu. Akuphunzitseninso chiganizo ichi mpaka chizolowereke pakamwa: Peço que leiam a acta antes de assinarmos. Tanthauzo lake ndi lakuti, ndikupempha kuti muwerenge acta tisanasayine. Mukhoza kuchinenanso m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe, ndipo wotsogolera msonkhano ayenera kukuyankhani.